Mmene mungadziwire khalidwe la ma halogen popanda kuloweza: kuyambira pa pepala mpaka mu test tube

Funso la ma halogen likabwera pa mayeso a Chemistry, ophunzira ambiri amapunthwa pamalo amodzi. Amakumbukira ndithu kuti mu Group 7, gulu la ma halogen pa Periodic Table, muli zina zimene zimakwera ukamatsika ndi gululo, zina zimachepa. Koma chokwera n'chiti, chochepa n'chiti, mutu umaima pomwepo. Zoloweza usiku zimabalalika m'mawa munthu akangotsegula pepala la MANEB. Njira imene ndikupatseni pano ndi yodzipezera nokha yankho kuchokera ku chinthu chimodzi chokha, kukula kwa atomu. Tikatha za pa pepala tilowa mu labu kuti maso atsimikize.

Tengani pepala, pensulo ndi Periodic Table. Pa gawo loyesa mufunikanso aphunzitsi anu akhalepo.

Gawo 1: Jambulani maatomu anayi musanawerenge china chilichonse

Lembani mayina motsitsa, limodzi pansi pa linzake, ndipo pambali pake ikani nambala ya atomu ndi mmene ma elekitironi akhalira m'ma shell:

fluorine, 9: 2, 7
chlorine, 17: 2, 8, 7
bromine, 35: 2, 8, 18, 7
iodine, 53: 2, 8, 18, 18, 7

Pansi pa iodine pali astatine, nambala 85, ndi tennessine, nambala 117. Zisiyeni kaye. Mukapeza buku lolemba Group 17 musadabwe, ndi gulu lomweli.

Tsopano jambulani atomu iliyonse: kadontho pakati ngati nyukiliyasi, ndi mizere yozungulira ya ma shell. Musachite ulesi pamenepa, chifukwa zonse zikubwerazi zichokera pa chojambula chimenechi. Mukamaliza muona zinthu ziwiri.

Choyamba, nambala yomaliza ndi 7 ponseponse. Halogen iliyonse ikusowa elekitironi imodzi yokha kuti shell yakunja ikwane 8, ndipo n'chifukwa chake onse amachita zinthu mofanana. Atomu ikapeza elekitironi yosowayo imasanduka ayoni ya chaji −1, dzina n'kusintha: fluoride, chloride, bromide, iodide, zimene pamodzi timazitcha ma halide. Kusiyana kwa -ine ndi -ide kumapetoko si nkhani yaing'ono. Chlorine ndi mpweya umene unapha asilikali ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu April 1915. Chloride ili mu mchere umene mwathira m'ndiwo lero. Ma halogen akakhala okhaokha, popanda chitsulo chowapatsa elekitironi, amagwirana awiriawiri n'kugawana: F₂, Cl₂, Br₂, I₂. Pa equation musalembe Cl yekha ngati mukunena mpweyawo, malikisi amathawira pamenepo.

Chachiwiri, ma shell akuchuluka mukamatsika: awiri, atatu, anayi, asanu. Atomu ikukula.

Gawo 2: Maonekedwe ndi kuwira, zimene zimakwera

Pambali pa chojambula chilichonse onjezerani izi. Fluorine ndi mpweya wachikasu chotuwa, imawira pa −188 °C. Chlorine ndi mpweya wachikasu chobiriwira, imawira pa −34 °C. Bromine ndi yamadzimadzi, yofiira moderapo, imasungunuka pa −7 °C ndi kuwira pa 59 °C. Iodine ndi yolimba, timibulu takuda tonyezimira, imasungunuka pa 114 °C ndi kuwira pa 184 °C. Mpweya, mpweya, madzimadzi, cholimba, ndipo mtundu ukunka nudera.

Manambala enieniwo simukuyenera kuwasunga onse pamtima. Chofunika n'kudziwa chifukwa chake akukwera, ndipo apa pali msampha. Ambiri amalemba kuti iodine imavuta kuwira chifukwa maatomu ake awiri agwirana mwamphamvu. Ayi. Chinthu ngati ichi chikamawira, maatomu awiri a mu molekyu sasiyana, mpweya wa iodine umakhalabe I₂. Chimene moto umachita n'kulekanitsa molekyu ndi molekyu inzake. Zimene zimakokanitsa mamolekyuwo ndi timphamvu tofooka totchedwa van der Waals forces, ndipo timakula malinga ndi kuchuluka kwa ma elekitironi. Werengani nokha: F₂ ili ndi ma elekitironi 18, Cl₂ 34, Br₂ 70, I₂ 106. Ma elekitironi akachuluka kukokana kumakula, ndiye pamafunika kutentha kwambiri kuti mamolekyu amasuke.

Bromine ndi mercury ndi ma element awiri okha amene amakhala amadzimadzi pa kutentha kwa m'nyumba. Koma 59 °C si patali. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kwa mu October kumadutsa madigiri 40, choncho botolo la bromine likangotsegulidwa nthunzi yofiira imatuluka nthawi yomweyo. Ophunzira asagwire bromine yeniyeni. Ife tigwiritsa ntchito bromine water, yosungunula kwambiri m'madzi.

Gawo 3: Ukali, umene umachepa

Reactivity, kapena tingoti ukali, wa halogen ndi changu chake polanda elekitironi imodzi ija. Funso lake ndi ili: pa maatomu anayi mwajambulawo, ndi iti imene ingakoke elekitironi yochokera kunja mosavuta?

Ganizirani anthu akuwotha moto usiku wa mu June. Wobwera mochedwa amakhala kumbuyo. Ngati pamotopo pali mzere umodzi wokha wa anthu, iye amamvabe kutentha bwinobwino. Koma ngati pali mizere inayi patsogolo pake, ngakhale asonkhezere chikuni chachikulu, moto uli kutali ndiponso misana ya anzake yamutchinga. Motowo ndi nyukiliyasi, wobwera mochedwayo ndi elekitironi yatsopano, mizere ya anthu ndi ma shell amkati. Mu fluorine muli shell imodzi yokha yamkati, ya ma elekitironi awiri. Mu iodine muli ma shell anayi amkati, ma elekitironi 46.

Wophunzira wochenjera amafunsa apa kuti, "Nanga si iodine ili ndi mapulotoni 53 pomwe fluorine ili ndi 9 okha? Bwanji osakoka kwambiri ndi iodine?" Funso labwino, ndipo yankho lake ndi masamu a ku pulayimale. Chotsani ma elekitironi amkati pa mapulotoni. Fluorine: 9 kuchotsa 2 ndi 7. Chlorine: 17 kuchotsa 10 ndi 7. Iodine: 53 kuchotsa 46 ndi 7. Mapulotoni owonjezekawo atchingidwa ndi ma elekitironi owonjezeka, ndiye chikoka chofika kunja n'chofananirapo. Chatsala kusiyana ndi mtunda, ndipo pa mtunda fluorine yawina. Kuwerengera kumeneku n'kwachidule, ma elekitironi satchinga ndendende chotere, koma pa mlingo wa MSCE kumakufikitsani ku yankho lolondola. Pa sikelo ya Linus Pauling yoyezera mmene atomu imakokera ma elekitironi, fluorine ili pa 4.0, pamwamba pa ma element onse, chlorine 3.2, bromine 3.0, iodine 2.7.

Choncho polemba yankho tchulani zinthu zitatu motsatana: ma shell akuchuluka ndiye atomu ikukula, shell yakunja ili kutali ndi nyukiliyasi ndiponso yatchingidwa kwambiri, motero kukoka elekitironi yatsopano kukuvuta ndipo ukali ukuchepa.

Ambiri amasokoneza ndi Group 1, kumene potassium ndi yaukali kuposa sodium ngakhale ili pansi pake. Chifukwa chake n'chomwechi. Zitsulo za Group 1 zimafuna kutaya elekitironi, ndiye kutalikira kwa nyukiliyasi kumazithandiza. Ma halogen amafuna kulanda, ndiye kutalikirako kumawalepheretsa. Musanayankhe funso lililonse dzifunseni kaye: gulu ili likutaya kapena likulanda?

Umboni wake ulipo wambiri. Fluorine ikakumana ndi hydrogen imaphulika ngakhale mumdima ndi pozizira. Chlorine imadikira kuwala kwa dzuwa ndiye iphulike. Bromine mpaka muitenthetse. Iodine ndiye imachita monyinyirika, siimaliza n'komwe, hydrogen iodide wina amabwerera n'kukhalanso hydrogen ndi iodine. Ndi steel wool wotsukira mapoto uja zimachitikanso chimodzimodzi: wotenthetsa amayaka kwambiri mu chlorine, amangonyeka pang'ono mu nthunzi ya bromine, ndipo mu iodine zimayenda pang'onopang'ono. Chlorine ndi bromine zimalanda ma elekitironi atatu pa atomu ya iron n'kupanga FeCl₃ ndi FeBr₃, pomwe iodine imangokwanitsa awiri, FeI₂.

Ngakhale mbiri ya kupezeka kwake ikuchitira umboni. Carl Wilhelm Scheele anapanga chlorine mu 1774, ndipo Humphry Davy anaonetsa mu 1810 kuti ndi element payokha. Bernard Courtois anapeza iodine mu 1811 m'phulusa la zomera za m'nyanja yamchere, Antoine Balard bromine mu 1826. Koma fluorine, ngakhale akatswiri ankadziwa kuti ilipo, inawakanika mpaka 1886. Ikangomasuka inkagwira chilichonse chapafupi, galasi, madzi, chitsulo cha chipangizo, ndipo ena mwa oyesawo anavulala, ena anafa. Henri Moissan wa ku France ndiye anakwanitsa pogwiritsa ntchito magetsi ndi ziwiya za platinum zoziziritsa kwambiri, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1906.

Gawo 4: Kuyesa kulandana malo

Apa ndiye pamene ndimafuna wophunzira aliyense afike, chifukwa chimene waona ndi maso ako chikusintha mtundu suchiiwala msanga. Lamulo lake ndi lalifupi: halogen yaukali imachotsa yofooka mu mchere wake. Yapamwamba imachotsa yapansi, yapansi singachotse yapamwamba.

Zofunika ndi izi: chlorine water, bromine water, iodine solution, ndi mchere itatu yosungunula m'madzi, potassium chloride, potassium bromide ndi potassium iodide. Itatu yonseyi ilibe mtundu, imaoneka ngati madzi wamba, choncho lembani mayina pa mabotolo musanayambe. Mufunikanso ma test tube, ma dropper atatu, imodzi pa halogen iliyonse, ndi pepala loyera loika kumbuyo poona mtundu. Sukulu zambiri za CDSS zilibe ma test tube okwanira kalasi yonse. Timapepala tapulasitiki tochokamo mapiritsi, totsuka bwino, timagwira ntchito: kabowo kalikonse kamalowa madontho angapo, mankhwala samatha msanga ndiponso fungo limachepa.

Tsegulani mawindo onse, kapena tulutsani tebulo pakhonde. Valani magalasi oteteza maso. Amene ali ndi mphumu aonerere chapatali. Musanunkhize chilichonse mwachindunji, ndipo dontho likagwera pakhungu tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Chlorine water akonze ndi aphunzitsi, osati inu.

Musanayambe yesani chlorine water ngati akadali ndi mphamvu. Viikanimo litmus ya buluu. Iyenera kufiira kaye kenako kuyera mbee. Ikangofiira osayera, madziwo aguga. Chlorine akalowa m'madzi amapanga hydrochloric acid ndi hypochlorous acid, ndipo wachiwiriyu, amene amayeretsa, amawonongeka ndi dzuwa. Botolo limene lakhala pawindo teremu yonse silingakuonetseni kanthu, ndipo mungaganize kuti buku likunama.

Jambulani tebulo la mizere itatu yotsika ndi itatu yopingasa, ma halogen kumanzere, mchere pamwamba. Halogen ndi mchere wake womwe mungadumphe, ndiye zoyesa zatsala zisanu ndi chimodzi. Pa bokosi lililonse lembani ndi pensulo zimene mukuyembekezera musanathire kanthu. Mukayesa musanalosere, mungoona mitundu yokongola basi.

Yambani ndi chlorine water. Thirani potassium bromide pang'ono mu test tube, kuya kwake ngati sentimita ziwiri, ndipo dontheza chlorine water limodzilimodzi mukugwedeza. Pa dontho lachiwiri kapena lachitatu madzi amene anali oyera ayamba chikasu, kenako olenji. Imeneyo ndi bromine yathamangitsidwa mu mchere wake. Chitani chimodzimodzi ndi potassium iodide. Pomwe dontho lagwera pabuka kamtambo kabulauni kamene kamafalikira pansi, ndipo mukapitiriza mungaone tinthu takuda tikutsikira pansi pa tube, iodine yolimba. Lekerani pomwepo. Mukathira chlorine water wambiri mtundu wabulauniwo umazimiririka, chifukwa chlorine wotsalayo amapitiriza kulanda ma elekitironi kwa iodine n'kuisandutsa chinthu china chopanda mtundu. Gulu limene lathira mopupuluma limalemba kuti palibe chachitika, pomwe zachitika kawiri.

Tsopano bromine water. Pa potassium iodide muona mtundu ukudera kukhala bulauni. Pa potassium chloride ndiye pali msampha wachiwiri. Madziwo aoneka achikasu kapena olenji, ndipo wina afuula kuti zasintha. Sizinasinthe, mtunduwo ndi wa bromine water yemwe mwathirayo. Kuti mutsimikize, tengani tube ina ya madzi okhaokha, dontheza madontho ofanana a bromine water, n'kuziika pamodzi kutsogolo kwa pepala loyera. Zikafanana, palibe chachitika.

Iodine solution pa potassium chloride ndi pa potassium bromide sisintha kanthu, imangosungunuka n'kutuwirapo. Gwiritsaninso ntchito tube ya madzi poyerekeza.

Vuto limene limatsala n'lakuti bromine wambiri ndi iodine wochepa m'madzi amafanana, onse ndi achikasu chofiirira. Pali njira ziwiri zowasiyanitsira. Ngati mu labu muli cyclohexane kapena hexane, thiranimo pang'ono, tsekani ndi kugwedeza, kenako dikirani. Amayandama pamwamba pa madzi ndipo halogen imasamukira m'menemo: bromine imaoneka olenji, iodine imaoneka pepo wowala, mtundu wofanana ndi wa nthunzi yake. Zimenezi zimayaka, ndiye pasakhale moto pafupi. Njira yachiwiri ndi yotsika mtengo, sitachi. Takasani kasupuni ka ufa wa chinangwa m'kapu ya madzi, wiritsani mpaka ayere, muziziritse. Madzi otsanula pa mpunga wowira amagwiranso. Dontho limodzi pa iodine limapereka buluu wakuda bii. Pa bromine mtundu umenewu subwera. Pa potassium iodide yekha subweranso, chifukwa sitachi imazindikira iodine, osati iodide yokha.

Gawo 5: Lembani zimene mwaona

Zosintha zinali zitatu:

Cl₂ + 2KBr → 2KCl + Br₂
Cl₂ + 2KI → 2KCl + I₂
Br₂ + 2KI → 2KBr + I₂

Potassium sanachitepo kanthu, analowa ngati K⁺ n'kutulukanso ngati K⁺. Mukamuchotsa, yoyambayo imatsala motere: Cl₂ + 2Br⁻ → 2Cl⁻ + Br₂. Chlorine walandira ma elekitironi, ndiye wachita reduction ndipo iye ndi oxidising agent. Bromide wataya, wachita oxidation.

Tembenuzaninso nkhaniyi muione kuchokera kwa wolandidwa. Atomu imene imavutika kukoka elekitironi imavutikanso kuisunga. Choncho iodide ndiye amataya mosavuta, bromide pang'ono, chloride movutikira, fluoride ndiye saitaya wamba. Mukapeza botolo lakale la potassium iodide mankhwala ake atasanduka achikasu, ndi mpweya wa oxygen wamulanda pang'onopang'ono.

Equation yoyamba ija si ya m'kalasi mokha. Ku Dead Sea, kumene Israel ndi Jordan amapanga bromine wambiri wogulitsa padziko, amalowetsa chlorine m'madzi amchere okhala ndi bromide, ndendende zimene mwachita mu tube.

Fluorine sitinamuyese, ndipo si chifukwa cha kuopsa kokha. Fluorine water kulibe. Akangofika m'madzi amalanda ma elekitironi a madzi omwewo n'kutulutsa oxygen ndi hydrogen fluoride.

Gawo 6: Kuzindikira mchere wosalembedwa dzina

Pa mayeso a practical angakupatseni madzi oyera n'kukufunsani kuti muli halide iti. Thirani pang'ono mu tube, onjezerani madontho a dilute nitric acid, kenako madontho a silver nitrate. Asidi amayamba kuti achotse carbonate, amene naye amapanga matope n'kukusokonezani. Asidiyo akhale nitric. Mukathira hydrochloric acid mwalowetsamo chloride nokha, ndipo tube iliyonse iyera.

Chloride amapereka matope oyera, bromide a kirimu, iodide achikasu. Kunena zoona, kusiyanitsa kirimu ndi kuyera m'kalasi yamdima n'kovuta, ndiye tsimikizani ndi ammonia. Silver chloride amasungunuka mu ammonia wosungunula, silver bromide amafuna ammonia wamphamvu, silver iodide sasungunuka ngakhale pang'ono. Tsukirani ma tube ndi distilled water, chifukwa madzi a pampopi ndi a pamjigo amakhala ndi chloride wawo. Silver nitrate amadetsa zala ndipo dothi lake silichoka ndi sopo, limadikira khungu lisupuke lokha. Mukamaliza ikani tube ya matope oyera padzuwa kwa kanthawi, muona ikudera. Mafilimu akale ojambulira zithunzi ankadalira zimenezi, makamaka silver bromide.

Ena amafuna kuyesa mchere wa ayodini wa kunyumba ndi silver nitrate, akuyembekezera chikasu. Sachiona. Mcherewo pafupifupi wonse ndi sodium chloride, ndipo ayodini wothiramo kuti ateteze chithokomiro ndi wochepetsetsa, kawirikawiri amakhala potassium iodate, osati iodide. Njira yake ndi ina. Ikani supuni ya mchere pa sosa yoyera, dontheza potassium iodide, vinyo wosasa woyera pang'ono, ndi sitachi uja. Ngati muli iodate, mchere usanduka buluu msanga. Pambali ikani zosakaniza zomwezo popanda mchere, chifukwa zikakhalitsa pamphepo nazo zimayamba buluu pang'ono zokha. Yesani mchere wa m'paketi ndi wamibulu wogula pa mulu kumsika, muyerekeze.

Gawo 7: Samalani ndi fluorine

Pofika pano mungaganize kuti chilichonse mu gululi chimayenda motsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Fluorine amaswa mzere m'malo angapo, ndipo chifukwa chake n'kuchepa kwa atomu yake komwe kuja.

Mphamvu yofunika kuthyola mgwirizano wa maatomu awiri mu molekyu ndi pafupifupi 243 kJ pa mole kwa chlorine, 193 kwa bromine, 151 kwa iodine. Mukanayembekezera kuti fluorine aposa 243, koma ali pa 158 pokha. Maatomu ake ndi ang'ono kwambiri moti akagwirana, ma elekitironi ena otsala mbali zonse ziwiri amathinana n'kumakankhana. Molekyu yosavuta kuthyoka, yokhala ndi maatomu okoka kwambiri: ukali wake ukuchokera mbali ziwiri.

Ma hydrogen halide nawo ali ndi zawo. HCl imawira pa −85 °C, HBr pa −67 °C, HI pa −35 °C, motsatira lamulo la Gawo 2. HF imayenera kukhala pansi pa onsewa, koma imawira pafupifupi pa 20 °C chifukwa cha hydrogen bonding, kukokana kwa pakati pa mamolekyu ake kumene kuli kwamphamvu kuposa timphamvu ta Gawo 2. Monga asidi, HCl, HBr ndi HI ndi amphamvu, ndipo mphamvu ikukwera mukamatsika popeza atomu yaikulu siigwiritsa hydrogen. HF ndi asidi wofooka. Kufooka kumeneku kukunena za kuchepa kwa ma ayoni amene amatulutsa m'madzi, osati kuti ndi wosaopsa. Amadya galasi, ndipo amalowerera khungu mpaka kufika ku mafupa. Silver fluoride nayenso amasungunuka m'madzi, ndiye fluoride saoneka pa mayeso a silver nitrate.

Gawo 8: Dziyeseni pa zimene simunazione

Tsekani buku, mulosere za astatine. Ma elekitironi akunja ndi angati? Ndi mpweya, madzimadzi kapena cholimba? Mtundu wake? Ingachotse iodine mu potassium iodide? Yankho loyembekezeka: 7, ma shell asanu ndi limodzi, yolimba, yakuda kuposa iodine, yofooka kuposa iodine ndiye singaichotse. Palibe munthu anaonapo astatine yochuluka moti n'kuoneka ndi maso. Inapangidwa koyamba mu 1940 ku Berkeley, ku California, ndipo isotope yake yokhalitsa imatha theka pa maola pafupifupi 8. Funso la astatine limayesa ngati mukutha kutsatira mzere, basi.

Lachiwiri ndi la kunyumba. Bwanji amaletsa kusakaniza JIK ndi mankhwala otsukira chimbudzi okhala ndi asidi? JIK ndi sodium hypochlorite, mchere wochokera ku hypochlorous acid. Kumbukirani kuti chlorine m'madzi amapanga hydrochloric acid ndi hypochlorous acid, ndipo zimenezi zimatha kubwerera m'mbuyo. Asidi akachuluka amazikankhira m'mbuyomo, chlorine n'kutuluka ngati mpweya, ndipo m'bafa lotseka munthu angakomoke. Zikachitika tulukani msanga, siyani chitseko chotsegula.

Lachitatu ndi la madzi akumwa. M'madera ena a m'chigwa cha Rift Valley, makamaka kufupi ndi akasupe otentha, madzi a m'mijigo amakhala ndi fluoride wambiri wochokera m'miyala, ndipo ana okulira kumeneko amakhala ndi mano a mawanga abulauni. Bungwe la WHO limati fluoride asapitirire 1.5 mg pa lita. Funso: WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo ankagawa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 angachotse fluoride ameneyu?

Bwererani ku mndandanda wanu wa mu Gawo 1 ndi lamulo la mu Gawo 4. Chlorine ili pansi pa fluorine, ndiye singalande kanthu kwa fluoride. Imapha tizilombo ta kolera, bola muthire mlingo wolembedwa pa botolo ndi kudikira mphindi 30, koma fluoride amatsala momwemo. Kuwiritsa nakonso sikumuchotsa, madzi akaphwera amangochulukirapo. Ngati ana ambiri a pa mjigo umodzi ali ndi mano otere, pitirizani kuthira klorini chifukwa cha matenda otsekula m'mimba, koma kauzeni a ku ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu kuti adzayeze madziwo.